Mwana wanu akukulira ku England: zoti muchite asanakwanitse zaka 18

Ndinabwera ku England ndili mwana wa ku pulayimale, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, nthawi imene anamwino ambiri a ku Malawi ankachoka m'zipatala za kwathu kudzagwira ntchito mu NHS, zipatala za boma za kuno. Mayi anga anali mmodzi wa iwo. Anatsogola okha, ife tinatsatira pambuyo. Lero ndine wamkulu, ndipo kutchalitchi kapena pa chikondwerero cha 6 July makolo amandikokera pambali n'kundifunsa funso limodzimodzi: "Iwe unatani kuti usaiwale Chichewa? Wangayu ndikamuyankhula amangonditong'olera maso." Pano ndikuyankha mofatsa, monga munthu amene ndinali mwanayo.

Ana athu sasiya Chimalawi chifukwa choti England ndi wokoma kwambiri. Mvula yosakata ija, mdima wogwa 4 koloko isanakwane mu December, kukoma kwake kuli pati? Amasiya chifukwa cha manyazi. Kusukulu amachita manyazi kuti ndi osiyana ndi anzawo, akafika kunyumba ife timawaseka kuti asanduka azungu. Mwana wosekedwa mbali zonse ziwiri amathawira kumene akusekedwa pang'ono, ndipo kawirikawiri kumeneko si kwathu. Ntchito yanu ndi kuchepetsa manyaziwo, komanso kufotokoza zinthu zimene kumudzi sitifotokoza chifukwa mwana amangoziona kwa aliyense.

Chichewa cha mwana sitiseka

Muyankhuleni Chichewa tsiku lililonse kuyambira ali khanda. Ena amaopa kuti ziyankhulo ziwiri zimusokoneza kapena zimuchedwetsa kuyankhula. Akatswiri othandiza ana pa kayankhulidwe mu NHS amalangiza kuti kholo lizigwiritsa ntchito chiyankhulo chimene limachidziwa bwino. Za Chingerezi musade nkhawa. Akangoyamba Reception, kalasi yoyamba ya ku pulayimale, ali ndi zaka 4, Chingerezi chimamupeza chokha m'kalasi, pabwalo, pa TV. Chili pangozi ndi Chichewa.

Idzafika nthawi, akatha chaka kapena ziwiri kusukulu, yoti mukamufunsa m'Chichewa iye aziyankha m'Chingerezi. Mabanja ambiri amagonjera pamenepa. Mwachokera ku shifiti ya usiku, tulo tili m'maso, mukufuna avale nsapato msanga, ndiye mwangolowa Chingerezi kuti zinthu ziyende. Mayi anga sankalowa. Ndikawayankha m'Chingerezi sankakalipa ayi, ankangopitiriza Chichewa chawo ngati palibe chasintha. Nthawi zina ankabwereza zimene ndanena: "Eya, ukufuna kupita kwa mnzako Loweruka? Tiona." Khutu langa linapitiriza kumva, ndipo pamene ndinadzafuna kuyankhulanso ndekha, nditasinkhuka, mawu ndinawapeza akadali m'mutu.

Mwana wokulira kuno amati "nsapato wanga", "nyumba lathu", ndipo ng'ombe imamuvuta kutchula. Mukaseka, ngakhale mwachikondi, mwamutseka pakamwa kwa miyezi. Choipa koposa ndi kumuitanira alendo: "Tabwera uwapatse moni azakhali m'Chichewa, amve." Mwana wapereka moni, balaza lonse lafa ndi phwete, wina watulutsa foni kuti ajambule atumize pagulu la banja pa WhatsApp. Kwa akuluakulu ndi nthabwala chabe. Mwana amatolapo phunziro limodzi, loti akayankhula Chichewa amasanduka choseketsa. Auzeni alendo anu asanakhale n'komwe pansi kuti m'nyumba muno sitichita zimenezo. Akalakwitsa, bwerezani mawuwo molondola uku mukupitiriza nkhani, basi.

Pali vuto lina limene makolo amalitenga ngati mwano pamene si mwano. Mwana amauza agogo ake pafoni kuti "uli bwanji?" Taganizani, m'nyumba mwanu iye amamva chiyani? Aliyense amamuitana kuti iwe. Kumudzi akanamva tsiku lonse anthu akuti "muli bwanji", "mwaswera bwanji", "bwerani kuno amalume", koma kuno alibe kozimvera. Choncho inu makolo muzitchulana "inu" iye akumva, ndipo musanayimbire agogo yesererani naye moni kawiri katatu.

Zothandiza zina n'zapafupi. Agogo azimutumizira mauthenga a mawu pa WhatsApp, iye aziyankha, inu osamuima pamutu. Kumbukirani kuti nthawi ya ku Malawi ili patsogolo ndi maola 2 m'nyengo yozizira ya kuno, ndi ola limodzi m'chilimwe. Tsegulani Zodiak kapena MBC pa intaneti mukamaphika. Mutumeni m'Chichewa: katenge mthiko, tsuka mbale, thira mchere pang'ono. Akaphunzira kuwerenga kusukulu mupatseni buku la nyimbo za kutchalitchi. Chichewa chimawerengedwa mmene chalembedwera, ndiye mwana amene walimbana ndi kalembedwe kosokoneza ka Chingerezi amachiwerenga mosavuta, ndipo amanyadira. Ngati m'nyumba mwanu mumayankhula Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe kapena Chisena, mupatseni chimenecho. Chofunika n'choti athe kucheza ndi agogo ake.

Muuzeni poyera kuti ulemu uli pawiri

Kwathu mwana waulemu amayang'ana pansi wamkulu akamamuyankhula, amalandira chinthu ndi manja awiri, sayankha akamadzudzulidwa. Kwa mphunzitsi wa kuno, mwana woyang'ana pansi ndiye kuti akubisa kanthu kapena akuderera. Chaka changa choyamba ndinkauzidwa kawirikawiri kuti ndiziyang'ana mphunzitsi akamayankhula, ndipo sindinkamvetsa cholakwa changa, popeza ndinkachita ndendende zimene ndinaphunzitsidwa. Panalibe wondiuza kuti malamulo ali pawiri.

Inu muuzeni. Khalani naye pansi munene kuti kusukulu aziyang'ana aphunzitsi m'maso, azikweza dzanja, azifunsa ngati sanamve, ndipo akasiyana maganizo ndi mphunzitsi anene mwaulemu chifukwa kumeneko amayamikira zimenezo. Kunyumba ndi pamaso pa akuluakulu a kwathu, timachita mwakutimwakuti. Ana amasunga malamulo awiri popanda vuto akadziwa kuti lililonse lili ndi malo ake. Chimawapweteka ndi kukalipiridwa madzulo pa chinthu chimene anayamikiridwa nacho masana, popanda wowafotokozera. Ndiponso mukapita ku parents' evening, msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, aphunzitsi n'kunena kuti mwana wanu ndi wofatsa, savuta, musangomwetulira n'kunyamuka. Funsani ngati amayankhula m'kalasi. Mwana wachete amaiwalika msanga.

Chichewa chimanyamula ulemu m'kaitanidwe ndi m'thupi. "Ndipatseni madzi" ndi mawu abwinobwino. Koma mwana wongofika kumene akawasandutsa Chingerezi mmene alilimo amamveka ngati akulamula. Mawu awiri aja, please ndi thank you, amuzolowere pakamwa, mpaka kwa dalaivala wa basi potsika.

Nkhani ya anzake ndi imene makolo athu amaitenga mopepuka. Kuno sungangofika pakhomo pa munthu n'kuti odi. Kucheza kwa ana kumapanganidwa pafoni masiku angapo zisanachitike. Mwana akaitanidwa kuphwando la tsiku lobadwa, yankhani uthengawo, gulani khadi ndi kamphatso, mumufikitse pa nthawi imene yalembedwa, osati nthawi yathu ija ya ku ukwati. Mukamakana nthawi zonse chifukwa anthuwo simukuwadziwa, adzasiya kumuitana, ndipo mwana wosaitanidwa amadziwa bwino kuti vuto ndi kwawo. Zokagona kwa mnzake makolo ambiri a kwathu amakana, ndipo ine ndimawamvetsa. Njira yapakati ilipo: apite, adye nawo, aonere nawo filimu, inu mukamutenge 9 koloko usiku. Anzakewo muziwaitananso kwanu. Mpunga, nkhuku ndi mandazi sizinakanidwepo ndi mwana aliyense amene ndinabwera naye kunyumba. Mayi a mnzake akamuuza kuti aziwatchula dzina lawo, mulekeni atero kumeneko, sizitanthauza kuti mawa adzakutchulani inu dzina.

Dzina lake lomwe mulitchinjirize. Mphatso adzatchulidwa Mfatso, Thokozani adzamutchula ndi lilime pakati pa mano, Chimwemwe adzamudula mpaka atsale Chim. Mphunzitseni kukonza modekha tsiku loyamba la chaka chilichonse, ndipo inu lembani kakalata kwa mphunzitsi wake kofotokoza katchulidwe. Ngati iye mwini asankha kalifupi, palibe mlandu. Koma asachite kusankhiridwa ndi munthu waulesi.

Za chikwapu, ndi chiopsezo chimene ndimadana nacho

Malamulo ake adziweni. Ku Scotland kumenya mwana mwanjira iliyonse kunaletsedwa mu 2020, ku Wales mu 2022. Ku England lamulo limalolabe pang'ono, koma lamba, mthiko, waya, kapena chilichonse chosiya chipsera chingakufikitseni kupolisi. Mphunzitsi akaona mkwingwirima kapena mwana akanena kuti anamenyedwa, ntchito yake imamukakamiza kudziwitsa oyang'anira za chitetezo cha ana, ndipo a social services, ogwira ntchito za boma zoona za umoyo wa ana ndi mabanja, amafika pakhomo. Ena amati boma la kuno limalanda makolo mphamvu. Ine ndimati mphamvu zilipo zambiri: kulanda foni, kuletsa kutuluka, kudula ndalama ya m'thumba, ndi kusasintha mawu mukanena. Mwana wa zaka 14 amaopa kulandidwa foni kuposa khofi.

Koma chonde, musamuopseze kuti "ukapitiriza ndikutumiza ku Malawi". Mawu amenewa ndawamva m'nyumba zambiri. Mukamatero mukumuphunzitsa kuti kwanu ndi ndende, malo opitako anthu olakwa. Kenako mudzadabwa ali ndi zaka 16 akukana kukwera ndege.

Kwanu n'kuti?

Mmalawi akakufunsa funso limeneli safuna kumva kuti Leicester kapena Area 25. Akufuna mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Ine ndinaloweza ndili wamng'ono kuti kwathu ndi kwa T/A Kaphuka ku Dedza, ndipo yankho limenelo landitsegulira macheza ndi akuluakulu amene poyamba ankandiona ngati mzungu wakuda. Mwana wanu adziwe kwawo kwa mayi ndi kwa bambo, adziwe mfunda wake, adziwe ngati kwanu mwana amawerengedwa kuchikazi monga Achewa ambiri, kapena kuchimuna monga ku Mzimba.

Ubale wathu mufotokozereninso, chifukwa kusukulu adzamupatsa pepala lojambulapo banja lake lokhala ndi malo a anthu ochepa. Mchemwali wa mayi ake ndi mayi wamng'ono kapena wamkulu, ndipo ana awo ndi abale ake enieni. Mchimwene wa mayi ake ndi amalume, munthu amene ali ndi mawu pa ukwati wake ndi pa maliro. Ana a amalume ndi a azakhali ndi asuweni. Tengani pepala lalikulu mujambule nonse, mumatepo zithunzi.

Zimenezi zimathandiza pa nkhani ya ndalama. Mwana amaona kuti mwakana kumugulira nsapato zimene anzake onse ali nazo, tsiku lomwelo akumvani pafoni mukulonjeza kutumiza fizi kapena ndalama ya feteleza. Ngati simunena kanthu, m'mutu mwake achibale a ku Malawi amasanduka anthu omulanda. Muuzeni amene akulandirayo ndi ndani, muuzeni amene anakulipirirani inu sukulu. Maliro akagwa pakati pa Amalawi a mtauni yanu mutengeni, aone mmene timasonkhera, mmene timakhalira pamodzi ndi ofedwa, aone azimayi akuphika. Mabanja ambiri a kuno amachita maliro mwachinunu, patapita masabata, ndiye akapanda kuona kwa inu sadzaona kwina. Ndipo amayi muli ndi mwayi: tsiku la anakubala la kuno limakhala cha mu March, la kwathu pa 15 October. Pa lachiwirili mwana ayimbire agogo.

Mupatseni zonyadira

Dzina la Malawi likamveka m'kalasi, kawirikawiri ndi pa kanema wopempha thandizo: ana ovala zong'ambika, phala la kusukulu, madzi osefukira. Kalasi yonse imatembenuka kuyang'ana mwana wanu. Umphawi ulipo, musamunamize. Koma akhale ndi zina m'thumba. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi yotalika mamita 3,002, pamene Ben Nevis, phiri lalitali koposa ku Britain, ndi mamita 1,345 okha. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi. Mzinda wa Blantyre unatenga dzina ku tauni ya ku Scotland kumene anabadwira David Livingstone. Kuyambira 2022 mpaka 2024 pa Trafalgar Square ku London panaima chosema cha John Chilembwe atavala chipewa pafupi ndi mzungu, chinthu chimene atsamunda ankaletsa, ndipo anachipanga ndi Mmalawi, Samson Kambalu. Atsikana amene amasewera netball kusukulu adziwe kuti Malawi Queens inathera pa nambala 6 pa mpikisano wa dziko lonse ku Liverpool mu 2019. Okonda mpira amawadziwa kale Tabitha ndi Temwa Chawinga.

Za chakudya sindichulutsa, chifukwa apa makolo athu salephera. Ufa umapezeka m'mashopu a Aafirika, mpiru m'mashopu a Amwenye, chiponde chimalowa m'malo mwa nsinjiro. Chimene ndingawonjezere n'choti mwana, wamkazi ndi wamwamuna yemwe, aphunzire kuphika nsima asanapite ku yunivesite. Koma musamukakamize kunyamula usipa kusukulu. Nkhondo imeneyo ndi yosafunika.

Ulendo wa kumudzi

Tikiti ndi yodula, palibe ndege yolunjika kuchokera ku London, mumadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Komabe yesetsani kuti apite akadali ku pulayimale, nthawi imene ana amasewera limodzi osafunsana zambiri. Tchuthi chachitali cha kuno, kuyambira kumapeto kwa July mpaka kuchiyambi kwa September, chimagwa bwino: kwathu mvula kulibe ndipo misewu ya kumudzi imapitika. Mutengereni juzi, ku Dedza mu July kumazizira moti mwana wa ku England yemwe amadandaula. Musamutulutse sukulu isanatseke kuti mupeze tikiti yotchipa osapempha chilolezo, chifukwa ku England chindapusa chake chimayambira pa £80 kwa kholo lililonse pa mwana aliyense.

Malungo musawachitire chibwana. Mwana wokulira kuno alibe chitetezo chilichonse m'thupi, ndipo inu amene munakulira ku Nsanje chanu chija chimatha mukakhalitsa kunja. Pitani kwa GP, dokotala wa banja lanu, kapena ku famase kudakali masabata angapo, gulani mankhwala oteteza, gonani m'masikito. Mukabwerako wina n'kutentha thupi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo nenani kumene mwachokera.

Mukafika, musathere tchuthi chonse ku loji ndi m'magalimoto a achibale a mtauni. Agoneko kumudzi, apite kumjigo ndi asuweni ake, apite kuchigayo, adye chinangwa chootcha. Muuziretu za chimbudzi chokumba ndi kusamba m'beseni kuti asadzachite tsinya pamaso pa eni nyumba. Achibale nawonso auzirenitu: asamutche mzungu, asamuseke Chichewa, asamupemphe foni yake. Inu muzichokapo nthawi zina. Mukakhala pafupi amabisala kumbuyo kwanu, mukachoka njala ndi masewera zimamuyankhulitsa. Ngati mwana wasinkhuka, mu August muli miyambo yoti aone: Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, kapena Umthetho ku Hora ku Mzimba. Ku Mua kuli nyumba yosungiramo za chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao imene imafotokoza bwino kuposa mmene ambiri a ife tingafotokozere. Pobwerera nyamulani Nali, tiyi wa Chombe ndi mpunga wa Kilombero, koma nyama ndi za mkaka siziloledwa kulowa nazo kuno.

Khungu

Inu munakulira kumene pafupifupi aliyense ndi wakuda, ndiye simunakhale mukuganizira za khungu. Mwana wanu amaliganizira kuyambira ali wamng'ono, chifukwa ena amamukumbutsa. Akadzafika ku sekondale adzayamba kuyenda ndi ana a ku Nigeria, Ghana, Zimbabwe ndi Jamaica, kuyankhula ngati iwo, kudzitcha Black British. Musaone ngati wakukanani. Amalawi ndife ochepa kuno, ndipo iye wapeza anthu amene akukumana ndi zofanana ndi zake. Ine ndimadzitcha Mmalawi pena, wa ku Britain pena, malinga ndi amene wafunsa komanso chimene akufunsira, ndipo sindimva kuti ndikunama.

Akabwera n'kunena kuti wina wamunyoza chifukwa cha khungu, musamuyankhe kuti "ingolimbikira sukulu, tinabwerera zimenezo". Mukatero sadzakuuzaninso kanthu. Mvetserani, lembani tsiku ndi zimene zanenedwa, tumizani imelo kusukulu kuti pakhale umboni. Lamulo la Equality Act la 2010 limakakamiza sukulu kusasala mwana chifukwa cha mtundu. Anyamata akamakula akambireni za apolisi: akaimitsidwa pamsewu asathawe, asakangane, koma adziwe kuti wapolisi ayenera kunena dzina lake, siteshoni yake ndi chifukwa chimene akumusechera.

Mapepala

Iyi ndi nkhani yosakoma, koma ndaona ikugwetsa achinyamata amene china chilichonse chinali bwino. Kubadwira ku Britain pakokha sikupatsa mwana unzika. Kuyambira pa 1 January 1983, mwana amabadwa ali nzika pokhapokha ngati kholo limodzi ndi nzika kapena lili ndi chilolezo chokhazikika, chija timati ILR, pa tsiku lobadwalo. Ngati munapeza ILR mwana atabadwa kale kuno, mungathe kumulembetsa unzika asanakwanitse zaka 18, koma sizichitika zokha, muyenera kupempha.

Pali njira inanso. Mwana wobadwira kuno amene wakhala kuno zaka 10 zoyambirira za moyo wake ali ndi ufulu wolembetsa unzika, kaya mapepala a makolo ake ali bwanji. Lamulo limati asakhale kunja masiku opitirira 90 pa chaka chilichonse mwa zaka zimenezo. Amene mumaganiza zotumiza khanda kwa agogo kwa chaka kuti mugwire ntchito momasuka, werengerani zimenezi musanagule tikiti. Dziwaninso kuti kuyambira zaka 10 a Home Office, unduna woona za unzika ndi zolowa m'dziko, amayang'ana khalidwe la mwanayo, moti mlandu wa kupolisi ali ndi zaka 13 ungasokoneze pempholo. Musachedwe. Ndalama yolembetsera ili cha m'ma £1,000, koma kuyambira 2022 banja losowa lingapemphe kuti lisalipire.

Kwa mwana wobadwira ku Malawi n'kubwera pa viza yanu, vuto limabisala mpaka nthawi ya yunivesite. Waphunzira kuno moyo wake wonse, wakhoza ma A-level, mayeso omaliza a ku sekondale, ndiyeno akuuzidwa kuti ngongole ya boma yolipirira yunivesite sangapeze, kapena kuti alipire ngati wochokera kunja. Fizi ya ophunzira a kuno inali £9,535 pa chaka mu 2025, ya ochokera kunja imaposa pamenepo kutali. Mtsikana wina wochokera ku Zambia, amene anabwera ali ndi zaka 6, anakafika ndi nkhaniyi ku Supreme Court, khoti lalikulu koposa ku Britain, n'kupambana mu 2015. Chifukwa cha mlandu umenewo, ku England tsopano wachinyamata amene wakhala kuno theka la moyo wake angathe kupeza ngongole ngakhale alibe ILR, bola akhale kuti anali ndi chilolezo chovomerezeka zaka 3 zotsatizana maphunziro asanayambe. Viza ikangodumpha miyezi ingapo osakonzedwa, zaka 3 zija zingayambirenso. Malamulo olowera m'dziko muno amasinthasintha, ndiye onani pa gov.uk ndipo funsani loya kapena mlangizi wovomerezeka ndi boma, osati m'bale wa kutchalitchi amene "amadziwa za mapepala".

Mwanayo muuzeni zoona za mapepala ake akafika ku sekondale. Ambiri amadzazindikira ali ndi zaka 17, akudzaza fomu, kuti si nzika ya dziko limene amaliyesa kwawo.

Mbali ya Malawi zinthu zinapepuka. Kale mwana wokhala ndi unzika wa mayiko awiri ankayenera kusankha umodzi akakula, koma kumapeto kwa 2018 Nyumba ya Malamulo inavomereza unzika wa mayiko awiri. Funsani ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku London za ndondomeko yake, ndipo mukapita kumudzi konzani chiphaso chake chobadwira ku National Registration Bureau ngati anabadwira kwathu. Akakwanitsa zaka 16 angathe kulembetsa chiphaso cha unzika.

Gulani faelo imodzi yolimba. Muziikamo mapasipoti akale onse ngakhale otha ntchito, makalata a Home Office, malipoti a kusukulu a chaka chilichonse, kabuku kofiira ka katemera, makalata a kwa GP, ndi matikiti a maulendo a ku Malawi osonyeza tsiku lochoka ndi lobwerera. Pempho la unzika kapena la ngongole ya ku yunivesite limafuna umboni wa chaka ndi chaka kuti mwanayo anali kuno, ndipo sukulu ya mkaka imene anapitako ali ndi zaka 3 ingadzakhale itatsekedwa kalekale pamene mukufuna kalata yake.